Kapilitsi Koyera ka aNachoko

Ine ntchito yanga ndi yoluka tsitsi. Kasaluni kanga ndi shopu ya aNachoko kale chinali chipinda chimodzi, mwininyumba anangokhoma matabwa opyapyala pakati, oti munthu akayetsemula uko ine kuno ndimati pepani. Ndiye musandifunse kuti izi ndinazimva kwa ndani. Zina ndinamva ndi makutu angawa, zina ndinachita kusuzumira pa mpata wa matabwa, ndipo sindichita nazo manyazi.

Dzina loti aNachoko tinawapatsa ndi ife a mumsewu uno, chifukwa cha choko cholembera pansalu. Chinkapezeka kukhutu, pamlomo, pena pamphumi penipeni. Anali telala wa zovala za amayi. Ntchitoyi anaiphunzira ali mtsikana kwa bambo awo aang'ono, munthu waukali amene ankawakwapula zala ndi rula akapotoza nsalu, ndipo ukaliwo iwo anautenga wonse osasiyako. Kusoka ankasoka ngati wina aliyense. Koma kudula, abale inu! Mzimayi akalowa, ankamuzungulira kamodzi tepi ili m'khosi, n'kumuuza pamaso kuti, "Mimba iyi tiibisa, koma kumbuyoku tikusiya, ndi chuma chanu chokhacho." Mzimayi uja ankatuluka atatupa ndi mkwiyo, sabata yinayo n'kubweranso ndi anzake.

Ine ndi iwo tinkayambana tsiku ndi tsiku. Mphepo ikangouluza tsitsi la makasitomala anga n'kulilowetsa kwawo, ndinkamva khoma likugundidwa.

"Iwe! Ubweya wa anthu akowo wafikanso kuno!"

"Nanga ulusi wanu umene ndimasesa kuno, ndi wa agogo anga?"

Masana tinkamwera limodzi tiyi pakhonde ngati sipanachitike kanthu. Ndinkawakonda mayi amene aja, ngakhale pakamwa pawo panalibe mabuleki.

Amuna awo tinkawatchula aChabwino. Anali mlonda wopuma pantchito. Ukawauza kuti nyumba ikupsa, chabwino. Ukawauza kuti moto wazima, chabwino. Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, amene tonse tinkamuitana Kabatani. Anakulira pansi pa tebulo lodulira nsalu akusewera ndi mabatani, tsiku lina n'kumeza limodzi. Amayi ake analilondalonda batanilo mpaka linatuluka, analitsuka ndi sopo, n'kulisokera pa bulauzi ya mkazi wa mwininyumba, amene ankavala monyada osadziwa kumene layenda. Nkhaniyi aNachoko ankaikamba mpaka misozi ya chiseko.

Kabatani atakula anapeza ntchito ku fakitale ya buledi, ndipo anakondana ndi dalaivala wa lole, wa maulendo ataliatali aja. Amayi ake sankafuna n'kumva komwe dzina la mnyamatayo. Tsiku lina mtsikanayo anabwera ndi nsalu kuti amusokere diresi. M'shopu munali makasitomala. ANachoko anamukulunga tepi m'chiuno, anayang'ana nambala. Anayezanso. Mwana amene wamuyeza chibadwire sungamusokoneze, iwo anadziwa pompo kuti ali ndi pakati.

Ndinangoona nsalu ikuuluka pakhomo n'kugwera m'fumbi.

"Tuluka!" anakuwa. "Ine ndilibe mwana. Iwe sindikudziwa, ndipo sindidzakudziwanso."

Msewu wonse unamva. Kabatani anatola nsalu yake, anaikung'untha, n'kumapita osacheuka. Tsiku lomwelo anasamukira kwa dalaivala uja.

Tikutseka mashopu, ndinamva kugogoda pa matabwa, osati kwa ndewu koma kwapansipansi.

"Iwe. Ndalankhula zoipa, eti?"

"Zoipa zedi. Galu yemwe sauzidwa zotero."

"Ndipita ndikamupepese. Mtima uyambe watsika kaye."

Mtima wawo unali wochedwa kutsika. Mawa, mawa, mpaka mwezi unatha. Ndiye tsiku lina akuchokera kogula nsalu, atasenza mpukutu paphewa umene unawatchinga mbali imodzi, njinga yamoto inawawomba akuwoloka msewu. Thupi silinathyoke paliponse. Mutu ndi umene unakamenya m'mphepete mwa ngalande ya simenti.

Anagona kuchipatala nthawi yaitali osatsegula maso. Atatsegula, tinati Mulungu wamva. Koma amene anabwera kunyumba sanali aNachoko athu aja. Ukawapatsa chakudya ankadya, ukawagwira dzanja ankayenda, ukawaimika ankaima pomwepo mpaka utabweranso. Maso tong'o, pakamwa yasa, dovu likutsika pachibwano. Mayi woti ankalongolola kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, tsopano zii.

Apa m'pamene anatulukira mlongo wawo wa aChabwino, ndi chisutikesi chake, ati kudzathandiza matenda. Tsiku loyamba anatenga makiyi a nyumba. Lachiwiri a shopu. Kenako foni ya aNachoko, ati makasitomala amaimba pamenepo. Makiyi onsewo ankawamangirira pa chingwe m'chiuno, akamayenda ali ngwelengwele, ndiye ife tinangoti aMakiyi. Makina ankatha kupalasa, msoko wowongoka ankautha. Koma akagwira sizasi, diresi linkatuluka phewa lina kumwamba lina pansi, ngati mwiniwake akufunsa funso. Makasitomala anayamba kuthawa mmodzimmodzi.

Tsiku lokaonana ndi adokotala a za ubongo ndinapita nawo, chifukwa pokwera basi pankafunika anthu awiri owagwira. Adokotalawo anali mayi wodekha, ndipo anatilongosolera bwinobwino. Anati nzeru za aNachoko sizinathe ayi, zilimo, koma malo a mu ubongo amene amamudzutsa munthu kuti ayambe chinthu ndi amene anavulala. Anati pali mankhwala amene ena amawathandiza, ena ayi, tiyese. Kapilitsi kamodzi m'mawa. Kakagwira, kawatsegula mutu kwa maola ochepa, kenako mphamvu yake itha. Madzulo asamwe, angasowe tulo. Awiri nthawi imodzi ayi, mtima ungathamange.

"Koma mvetsetsani," anatero adokotala. "Kapilitsi pakokha sikachiritsa. Maola amenewo ndi oti muzicheza nawo, muziyenda nawo, abale azibwera, aziwakumbutsa mayina ndi nkhani zakale. Ubongo umaphunziranso ukamagwiritsidwa ntchito ndi anthu amene munthu amawakonda."

AMakiyi ankangogwedeza mutu, manja ali pachifuwa ngati munthu wa mapemphero. Botolo la mankhwala analiponya m'chikwama mwawo.

Kapilitsi koyamba anawamwetsera m'shopu, popeza kunyumba kunalibe wowayang'anira. Anawakhazika pampando pakona. Ine ndinali kuluka mtsikana wina, khutu lili kukhoma. Panapita kanthawi ndithu, makina akungolira. Kenako ndinamva mawu olemera, otuluka limodzilimodzi ngati akuchita kuwakoka m'chitsime.

"Kolala... imeneyo... mwaipha."

Mayo ine! Ndinasiya mutu wa mwana wa eni uli theka, ndinathamanga. Ndinawapeza akuloza bulauzi imene inali pamakina, maso ali amoyo, aukali, awo enieni aja. Anandiyang'ana n'kuti, "Iwe... wanenepa." Ndinalira ngati mwana, ndikuseka pomwepo.

AMakiyi sanalire. Anayang'ana alamu awo, anayang'ana mulu wa nsalu zosadula, anayang'ananso alamu awo. Kenako anatenga sizasi n'kuwafumbatitsa m'manja.

"Tayesani apa, alamu."

Anadula. Mzere unatuluka uja wakale. Kuyambira tsiku limenelo, maola amene adokotala anati ndi a abale, anasanduka a sizasi. Kapilitsi m'mawa, madzi, kudikira kuti kagwire, kenako nsalu pa tebulo, ina pamwamba pa inzake. Akafuna kulankhula, aMakiyi ankati, "Tilankhula kenako, alamu, nthawi ikutha." Makasitomala anabwerera, ena atsopano anawonjezekera. Dzuwa likafika pamutu, sizasi inkayamba kulemera, choko chinkagwa pansi osatoledwa, maso aja n'kuzima tikuona. Nthawi yolankhula imene aMakiyi ankalonjeza ija sinkafika.

Masana sankawasiyanso kuti apume. Chidole choyesera zovala chinali chitathyoka mwendo, ndiye aMakiyi anaona kuti munthu woti ukamuimika amaima, n'kumutayiranji. Ankawaveka diresi la kasitomala pamwamba pa zovala zawo, kuwaimika pakati pa shopu manja atatambasula, n'kumabaya mapini m'mbali. Pini ikalowa m'thupi, aNachoko ankangophethira. Pachibwano ankawamangirira kansanza kuti dovu lisadetse nsalu ya eni. Ana a sukulu ankaima pawindo kumaseka.

Ndinalowa tsiku lina ndili moto. "Mayi inu, mulibe chisoni? Uyu ndi munthu!"

"Ukawasambitsa ndiwe? Ukawadyetsa ndiwe?" anandiyankha, mapini ali kukamwa. "Akumva chiyani apa? Kaluke tsitsi uko. Ndikakuonanso muno ndikakunenera kwa mwininyumba."

Ndinakawauza aChabwino. Anamvetsera mpaka kumapeto, anapukusa mutu, n'kuti, "Chabwino." Ndinalakalaka kuwathira madzi otsukira tsitsi.

Nanga Kabatani? Mwanayo sanawataye amayi ake. Kuchipatala ankagona pansi pa bedi lawo ndi mimba yakeyo. Koma ntchito ya buledi imayamba kusanache n'kutha masana, mafoni amasiya pageti, ndipo kapitawo wawo ankangofuna chifukwa choti amuchotse munthu wapakati. Ndiye ankabwera madzulo, kapena Lamulungu kunyumba. Lamulungu shopu sitsegula, ndipo aMakiyi anagamula kuti tsiku losadula nsalu kapilitsi kasungidwe, ati kuchipatala mankhwala amasowa.

Mtsikanayo ankagwada patsogolo pa mpando, kuwagwira maondo. "Amayi, ndine. Ndine Kabatani." Maso aja ankangomudutsa n'kukaima pakhoma.

"Ife amatidziwa bwinobwino," ankatero aMakiyi akupinda nsalu. "M'mawa amacheza, amaseka. Kaya iwe unawalakwira chiyani."

Ndinamutsatira tsiku lina mpaka pa siteji ya basi. Ndinamuuza za kapilitsi, za maola, zonse. Ndinati ajombe kuntchito tsiku limodzi abwere m'mawa.

"Anti, azakhali akuti adokotala analetsa," anatero. "Akuti akandiona mutu uli bwino, mkwiyo ungawakweze magazi n'kufa. Mufuna ndiwaphe kawiri?"

"Bodza limenelo! Ine ndinalipo kwa adokotala!"

"Nanga munthu woti amadziwa kolala, angalephere kudziwa mwana wake? Ananena okha pamaso pa anthu kuti sadzandidziwanso. Akungosunga mawu awo." Anapukuta m'maso n'kukwera basi.

Ine ndi aNachoko tinkalankhulana pa mpata wa matabwa, aMakiyi akapita kuchimbudzi kapena kogula zipi. Kulankhula nawo kunkafuna mtima wautali. Ukafunsa, unkayenera kudikira, milomo ikugwedera, mawu asanabwere. Ukafulumira kuwathandiza, ankasokonezeka n'kuyambiranso.

"Kabatani... anabwera?"

"Anabwera dzulo madzulo."

"Ndinati... chiyani?"

"Simunanene kanthu, amayi."

Anatseka maso. Za masana ndi madzulo sankakumbuka chilichonse, ati zinkangokhala ngati utsi. Koma mawu aja anamuuza mwana wawo ankawakumbuka onse, limodzi ndi nsalu imene inagwa m'fumbi. Chimene ankafuna padziko pano chinali chimodzi, kuwabweza mawuwo ndi pakamwa pawo pomwe. Ine ndinali nditamuuza kale Kabatani kuti amayi ake ananong'oneza bombono, koma iye anati za pakamwa pa anthu ena watopa nazo.

ANachoko anawapempha aMakiyi kuti tsiku limodzi lokha awapatse kapilitsi madzulo.

"Adokotala anati m'mawa," anayankha aMakiyi. "Mufuna ndiphwanye lamulo la achipatala?" Pa mawu onse a adokotala aja, amenewa okha ndi amene anawasunga.

Kenako tinamva kuti dalaivala uja wapeza ntchito ku tauni ina yakutali, ulendo wa masiku, ndipo akusamuka ndi mkazi wake. Kabatani anatumiza uthenga kuti adzabwera kudzatsazika Lachisanu madzulo, chifukwa lole inyamuka Loweruka.

Sabata imeneyo ndinayamba kuona zachilendo pa mpata paja. AMakiyi akangotembenuka, aNachoko ankatola kabatani koyera ka shati, kukaika m'kamwa, kukakankhira kutsaya, kunamizira kupukuta pakamwa, dzanja n'kutsikira ku mpendero wa siketi yawo, pamene anali atasomola ulusi pang'ono. Kenako ankakatulutsa n'kuyambiranso. Ndinaopa kuti mutu wasokonekeratu.

"Amayi, mukutani?"

"Ndikuphunzitsa... manja," ananong'ona. "M'mawa... mutu kulibe. Koma manja... saiwala." Anandionetsa chala chachikulu. Anati Lachinayi adzachipaka choko cha buluu pachikhadabo, kuti m'mawa mwake akachiona, manja adziwe kuti lero ndi lija. "Kapilitsi... mu mpendero. Madzulo... iwe... udzandimwetse. Asanafike."

"Nanga tulo? Adokotala aja anati..."

"Tulo... ndagona... tokwanira."

Ndinavomera. Ndinamuimbira Kabatani ataweruka, ndinamulumbiritsa kuti Lachisanu madzulo asalephere zivute zitani. Anati wamva.

Lachisanu m'mawa ndinaika diso pa mpata. AMakiyi anatsegula botolo, anawaika kapilitsi palilime, anawapatsa madzi, n'kutembenuka kukayala nsalu. ANachoko anakhala duu. Maso anatsikira pa chikhadabo cha buluu, anakhala pamenepo. Kenako dzanja linakwera lokha, linapukuta pakamwa, linatsikira ku siketi. Ndinaluma chipeso kuti ndisakuwe ndi chimwemwe.

Tsikulo kunali ntchito yambiri, madiresi a gulu lina la amayi oimba. AMakiyi anadikira kuti mankhwala agwire. Anawafumbatitsa sizasi, inagwa. Anawafumbatitsanso, inagwanso. Anawagwedeza mapewa, anawamenya timbama tating'ono m'masaya. "Alamu! Lero mwasankha ulesi? Anthu akufuna zovala zawo!" Zitakanika, anatukwana achipatala kuti ayamba kupereka mankhwala achabechabe, anawaveka diresi lobiriwira losatha kusoka, anawaimika pakati pa shopu n'kuyamba kubaya mapini. Ine ndinkangoti pirirani amayi, dzuwa lipendeka.

Ndiye ndinamva chilole chikuima panja, mabuleki ali fwii. Nditasuzumira ndinaona mipando ndi matiresi zitamangidwa pamwamba, Kabatani akutsika chammbuyo, atagwira mimba.

"Abwana a amuna anga asintha, tikunyamuka pompano," anandiuza pakhonde. "Munkati ndibwere m'mawa, anti. Ndabwera m'mawa."

Analowa. Anawapeza amayi ake ataima manja ali tambasu, m'diresi la eni, kansanza kali pachibwano. Anaima patsogolo pawo.

"Amayi, ndikupita. Ndabwera kudzatsazika."

Maso aja anamudutsa.

Za mwininyumba ndinaziiwala. Ndinalowa ngati mphepo, ndinagwada, ndinakweza diresi lobiriwira lija mapini akundibaya, n'kuyamba kupapasa mpendero wa siketi. AMakiyi ankandikoka tsitsi akukuwa kuti wamisala, wamisala. Ndinakapeza kapilitsi kaja, kali konyowa mbali imodzi, ulusi utakakamira. Ndinawaika m'kamwa, ndinatenga kapu ya aMakiyi yomwe, ndinawamwetsa, ndikuwasisita pakhosi mpaka anameza.

"Dikira pang'ono, mwanawe," ndinatero ndikupuma mwabefu. "Anakabisa kuti adzamwe madzulo, alankhule nawe. Dikira kagwire."

AMakiyi anali atasiya kukuwa. Anayang'ana mpendero, anayang'ana ine, ndipo ndinaona pankhope pawo kuti amvetsa zonse. Anaseka pang'ono, n'kutembenukira kwa mwana wa mlongo wawo.

"Waona, mwana wanga? Masiku onse amamwa bwinobwino. Lero amva kuti ukubwera, alavula. Munthu kulolera kukhala chidole tsiku lonse kusiyana n'kuti akulankhule. Ine ndinkakubisira, koma wadzionera wekha."

"Mfiti iwe!" ndinakuwa. "Kabatani, usamvere! Ankadziwa kuti ubwera madzulo!"

Mtsikanayo anatembenukira kwa amayi ake. Anawavula kansanza kaja, anawapukuta pachibwano, anawatsitsa manja, n'kuwakhazika pampando. Anagwada movutikira. Anadikira, inde, zimenezo ndimuchitira umboni. Panja hutala inalira. Anadikirabe, akuwayang'ana m'maso. Hutala inaliranso, yaitali. Mwamuna wake anabwera pakhomo, chipewa chili m'manja, n'kunena mwaulemu kuti katundu wa kampani ali ndi nthawi yake, akachedwa ntchito yatsopanoyo ithera panjira.

"Pang'ono pokha, bambo," ndinamuchonderera. "Kagwira posachedwa."

"Amayi," anatero Kabatani. "Mungonena dzina langa lokha. Ndipita."

Zii.

Anagwira tebulo n'kudzuka. "Tsalani bwino, anti," anatero, osandiyang'ana. Ndinamutsatira mpaka pa lole ndikumukoka mkono, mwamuna wake anandichotsa bwinobwino. Chilole chinalira, chinakhota pa ngodya ya sitolo ya zitsulo, n'kupita.

Nditabwerera m'shopu ndinakhala pansi penipeni, pa zidutswa za nsalu. AMakiyi sanandithamangitse, anali kutola mapini. Sipanapite nthawi yaitali, abale, yongokwanira kuwiritsa madzi a tiyi n'kumwa. Ndinamva mpando ukulira. ANachoko anali akudziyang'ana, diresi lachilendo, dzuwa pakhomo. Anapapasa mpendero, anapeza mulibe kanthu.

"Iwe... sikunade. Bwanji... wandimwetsa?"

AMakiyi ndi amene anawauza, ngati akunena za mtengo wa ulusi. "Mwana wanu anabwera, wapita. Munangomuyang'ana ngati khoma."

Sindinadikire. Ndinatulutsa foni yanga n'kuimba. Inaitana, inaitana, kenako anayankha, injini ikubangula kumbuyo.

"Kabatani, adzuka! Awa, lankhula nawo. Koma udikire, mawu awo amachedwa, chonde udikire!"

Ndinawaika foni kukhutu, anaigwira ndi manja awiri. Ndinkamva kamawu kake kali kutali. "Halo? Halo, amayi?" Milomo ya aNachoko inayamba kugwedera. Khosi linkakwera n'kutsika. Mitsempha inatuluka pamphumi. Ine ndinkangopemphera kuti tulukani, mawu inu, tulukani.

"Halo?" Kenako, momveka bwino, "Anti, mwandiseweretsa mokwanira."

ANachoko sanamve zimenezo, mphamvu zawo zonse zinali pa lilime. Ndinaona kuwala kwa foni kukuzima pakati pa zala zawo. Ndipo mawu anabwera.

"Kabatani... wanga. Ndinanama... tsiku lija. Mwana... ndili naye. Ndiwe. Ndikhululukire... mayi wanga. Ukabereka... ndidzasoka... timalaya."

Chivulalireni anali asananenepo mawu ambiri chonchi nthawi imodzi. Anatsitsa foni, thukuta lili kamukamu, nkhope yonse ikuwala. Anandiyang'ana.

"Wamva... eti?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiname. Mulungu akudziwa, bodza limenelo ndikanalinena ndi mtima woyera, ndipo ndikanalibwereza tsiku lililonse mpaka imfa.

"Foniyo inazima kalekale, mumalankhula nokha," anatero aMakiyi. Anawavula diresi lobiriwira, anakankhira mpando ku tebulo, n'kuwafumbatitsa sizasi. "Mankhwala agwira tsopano, tisawawononge. Nsalu izo."

ANachoko anayang'ana foni, anandiyang'ana ine. Ndinawerama. Ndinaimbanso, sinayankhidwe. Ndinaimba mawa lake, ndi mkuja, mpaka nambalayo inasiya kupezeka.

Masiku ano aMakiyi kapilitsi amakaphwanya ndi supuni n'kukasungunula m'madzi, akatero amawatsegula pakamwa ndi chala kuti aone. Mipendero ya masiketi onse anaisoka kawiri. Madiresi a amayi oimba aja anatuluka okongola zedi, eni ake mpaka pano amatumiza anzawo.

M'mawa uliwonse, mankhwala akagwira, sizasi isanayambe kulira, ndimamva kugogoda kwapansipansi pa matabwa. Ndimasiya mutu umene ndikuluka, n'kuika khutu pa mpata, n'kudikira mawu abwere.

"Iwe... tayesanso."

Ndimaimba, iwo akumva. Kenako aMakiyi amati nthawi ikutha.